Nsanza za Boma

Ngati simunafikeko ku Ufumu wa Takulandirani, musadzimvere chisoni. Kumeneko kuli anthu amene anafika zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, koma mpaka lero akufikabe.

Mmodzi mwa anthu amenewa anali mayi Bilonda, telala wa mu Msasa wa Dikirani. Mayiwa anathawa nkhondo kwawo ku Mbalalika, dziko la kutsidya kwa mtsinje wa Wolokani. Tsiku limene gulu lawo linkawoloka, Mfumu Chitamandeni Wachiwiri inkadutsa chakomweko pochokera kosaka nkhanga. Inaima kuti ione chimene chinatseka msewu, kamwana kena kanaigwira mkanjo, munthu wina wa kamera n'kujambula. Chithunzi chimenecho chinauluka mpaka kutsidya kwa nyanja. Pasanathe miyezi itatu, bungwe la Abwenzi a Kutali linatumiza mabulangete, ufa, simenti ya mlatho, magalimoto asanu ndi awiri a nduna, ndi mendulo yaikulu ngati mbale yolembedwa kuti Tate wa Alendo. Mfumu inaivala, inaimva kukoma, ndipo sinaivulenso.

Vuto linabwera chaka chotsatira. Nkhondo ija inasamukira kwina, othawa anasiya kubwera. Amene anabwera kalewo analibe kobwerera, pakuti midzi yawo inali itasanduka minda ya akuluakulu a asilikali. Nanga tsono Tate wa Alendo azilandira ndani? Nduna zinakhala pansi masiku atatu ku likulu la Bweranimawa, zinadya mbuzi zisanu ndi imodzi, ndipo zinatuluka ndi nzeru iyi: alendo amene alipowo azifika chaka chilichonse. Kuyambira pamenepo, pa 1 Juni paliponse, malole ankanyamula anthu onse mazana anayi a mu msasa, kukawatsitsa kutsidya kwa mlatho, kuti abwerere wapansi ndi mitolo pamutu, Mfumu iwalandire, kamera igwire ntchito yake. Tsikulo linkatchedwa Tsiku la Kufika, ndipo ana a sukulu ankapuma.

Musaganize kuti ufumuwu unalibe malamulo abwino. Unali nawo, ena okongola moti Abwenzi a Kutali ankawapachika pakhoma kwawo. Lamulo la Chifundo, ndime yachisanu ndi chinayi, linkati mlendo aliyense amene wakhala m'dziko zaka khumi zathunthu osatulukamo amasanduka nzika, pamodzi ndi ana ake osakwana zaka makumi awiri ndi chimodzi. Lamulo lofewa ngati limeneli simungalipeze kulikonse. Kungoti malire a dziko anali mzere woyera pakati pa mlatho uja, ndipo aliyense ankaudumpha chaka ndi chaka pa lole ya Boma, n'kuyambanso kuwerenga pa wani. Chikhazikitsire lamulolo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anafikapo pa thu.

Palibe, kupatula mayi Bilonda.

Anthu a mu Dikirani ankadziwa kuvala. Umphawi unalipo, koma munthu ankachapa, kusita, n'kutuluka m'nyumba ngati akupita ku ukwati. Zimenezi zinkaipitsa zithunzi. Choncho Unduna wa Chifundo unagula nsanza zovomerezeka, zidutswa mazana anayi, chilichonse ndi chidindo cha Boma pakolala, ndipo unasankha mayi Bilonda kukhala Wosamalira Nsanza za Boma. Ntchito yawo inali kuzing'amba pamene pakufunika, kuziviika m'madzi a katondo, ndi kuzilongedza m'matumba. Pa tsikulo anthu ankasinthira pansi pa mkuyu wa tsidya lino, ndipo pankafunika munthu wotsala ndi zovala zabwino ndi nsapato, popeza apolisi olondera mwambowo anali ndi chizolowezi chobwerera kwawo atavala nsapato zimene sanabwere nazo. Mayi Bilonda anadzipereka. Anthu ankati mayiwa ndi amtima wabwino, osadziwa kuti pansi pa mkuyupo ankawerenga zaka. Miyambo isanu ndi inayi inadutsa iwo ali ndi nsapato. Akanangopulumuka wa chaka chino, m'mawa mwake zikanakwana khumi.

Sizinali za iwo ayi. Mwana wawo Sifa, wobadwira mumsasa momwemo, anakhoza mayeso n'kusankhidwa kupita ku sukulu ya anamwino. Kalata inabwera, dzina lake lili lachitatu pa mndandanda, koma pansi pake panalembedwa kuti abwere ndi chiphaso cha unzika. Sifa ankakwanitsa zaka makumi awiri ndi chimodzi pa 20 Juni. Mayi ake akanadumpha mzere uja chaka chino, ndiye kuti mtsikanayu akanakalamba akuthandiza kung'amba nsanza.

Kutatsala sabata imodzi kuti Tsiku la Kufika likwane, mesenjala anabwera pa njinga yamoto ndi kalata yoti mayi Bilonda akufunika kunyumba yachifumu. Anavala chitenje chawo chatsopano, kenako anakumbukira kumene ankapita, n'kuvala chakale.

M'bwalo la nduna anapeza Mfumu itakhala pa mpando wautali, mendulo ili pamimba, maso ali theka. Kumanja kwake kunali Nduna ya Chifundo, olemekezeka a Chidyeretu, bambo wa khosi lopindika katatu. Kumanzere kunali Nduna ya Zithunzi, ndipo kumbuyo kunali Nduna Yowomba M'manja, imene ntchito yake simukufunika kuifotokozeredwa.

"Tate wa Alendo, mayi uja ndi ameneyu," anatero a Chidyeretu. "Wothawa weniweni, osati awa obadwira mommuno."

Kenako anafotokoza tsoka la chaka chatha. Pamene alendo ankafika, foni inalira m'kati mwa mtolo wa bambo wina, ndipo bamboyo anaiyankha. Mtsikana wina analonjera wapolisi kuti alamu. Agogo ena anafunsa mokweza ngati mpunga wa chaka chino uli ndi nyama. Mkulu watsopano wa Abwenzi a Kutali, mayi wosaseka, anaona zonsezi pa kanema, ndipo analemba kalata kuti akubwera yekha kudzamva kuchokera pakamwa pa munthu amene anaionadi nkhondo.

"Ndiye inu mayi mudzatsogolera gulu powoloka," anatero a Chidyeretu. "Tayesani kutiuza mmene munathawira, timve ngati zikugwira mtima."

Mayi Bilonda anagwada, n'kuyang'ana pansi. "Tinayenda masiku anayi, bwana. Madzi anali olekeza m'mawondo. Tinawoloka."

"Basi?"

"Basi, bwana. Zinazo sindizikamba."

"Ng'ona?" inafunsa Nduna ya Zithunzi.

"Kunalibe."

"Tiikepo imodzi."

Apa panabuka mtsutso waukulu. Ena ankati imodzi ndi yochepa pa ufumu waukulu chonchi, ena ankati zitatu zithawitsa alendo odzaona malo. Anavota, ziwiri zinapambana, ndipo kalaliki analemba kuti Boma lapeza kuti ng'ona zinalipo. Nduna Yowomba M'manja inawomba, Mfumu inadzidzimuka n'kunena kuti zikhale choncho.

"Pepani, bwana," anatero mayi Bilonda. "Nanga nsapato za anthu atsala nazo ndani?"

A Chidyeretu anamwetulira ngati munthu amene anaganizira zonse. Panali patakhazikitsidwa kale komiti ya nduna zitatu yolondera nsapato, ndi nduna yachinayi yolondera zitatuzo. Mayi Bilonda anaganiza zongonena chilungamo, kuti abwana, kwanditsalira mwambo umodzi wokha, ndichitireni chifundo. Koma anayang'ana khosi lija ndi kamwetulidwe kaja, n'kudziwa kuti akangotchula zaka khumi adzawolotsedwa tsiku lomwelo pa galimoto ya nduna, ndi apolisi otsogolera. Anathokoza chifukwa cha ulemu umene apatsidwa, n'kutuluka chafutambuyo.

Chilolezo chawo chotulukira mumsasa chinkatha 4 koloko, choncho anadzera pa msika wa Tsitsaniko kwa mnzawo Nachanza, wogulitsa tomato. Uyu yekha ndi amene ankadziwa za kuwerenga kwa pansi pa mkuyu. Mayi Bilonda anakhala pa chidebe n'kufotokoza zonse, ng'ona zomwe.

"Koma inu achemwali, unzikawo mukuufuna kuti muukazinge?" anatero Nachanza. "Ine ndili nawo chibadwire, taonani chitenje changachi. Kwanu kumsasa mjigo umatulutsa madzi. Wathu nduna yautsegulira kawiri, madzi sanamvebe kuti unatsegulidwa."

Bambo wogulitsa nyemba pa benchi yoyandikana anatchera khutu pa mawu omalizawo. "Ine chaka chatha ndinapita kukalembetsa kuti ndine wothawa," anatero. "Anandifunsa kuti ndathawa chiyani. Ndinati malonjezo. Anati amenewo sathawika, amakupeza kulikonse."

Mayi Bilonda anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunathera panjira. "Si za ine, achemwali. Ndi za Sifa. Mwana amene uja akagwira munthu wodwala, wodwalayo amayamba kufunsa phala."

Nachanza anasanja tomato amene anali wosanja kale. Kenako anatsitsa mawu. Mlamu wake ankatsuka magalimoto kunyumba yachifumu, ndipo anamva madalaivala akudandaula. Chaka chilichonse malole ankawolotsa anthu 8 koloko, Mfumu n'kudzafika 2 koloko masana anthu atapsa ndi dzuwa, zimene zinkathandiza nkhope kuoneka zotopa. Koma mayi wa Abwenzi a Kutali uja anali ndi ndege ya masana, ndipo anali munthu woyang'ana wotchi pamkono. Chaka chino Mfumu ifika 9 koloko yeniyeni, koyamba m'mbiri ya ufumu.

"Ndiye kuti ndi ola limodzi lokha," anatero mayi Bilonda, polankhula okha. "Nditangochedwetsa malole ola limodzi."

"Muchedwetsa ndi chiyani? Mugona pamsewu?"

Manja a mayi Bilonda anali atatulutsa kale singano pa duku, akusoka pamene chitenje cha Nachanza chinang'ambika, pakuti telala sangaone chibowo n'kuchisiya. Anasoka mpaka kumapeto, analuma ulusi, n'kuyang'anitsitsa msokowo nthawi yaitali. Ataimirira, Nachanza anaona kuti mnzakeyo akumwetulira mwa mtundu wina, ndipo anachita mantha.

Sabata imeneyo makina a mayi Bilonda sanapume. Anadzitsekera m'shedi ya nsanza ndi Sifa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo odutsa ankati mayiwa chaka chino alimbikira ntchito ya Boma. Analimbikiradi. Chibowo chilichonse chimene anang'amba ndi manja awo pa zaka zisanu ndi zinayi anachitseka, msoko kawiri, ulusi wa nsapato. Anaika mabatani. Anapinda m'munsi mwa masiketi. Sifa ankachapa ndi sopo mpaka katondo yense anatuluka, n'kusita ndi simbi ya makala.

"Amayi, akatimanga," anatero Sifa tsiku lachitatu, akupukuta thukuta.

"Atimangira chiyani? Kusamalira katundu wa Boma? Ndi dzina la ntchito yanga limenelo. Sita kolalayo, chidindo chioneke."

Pa 1 Juni malole anaima pa mkuyu 8 koloko isanakwane. Matumba anatsitsidwa, anamasulidwa, ndipo fungo la sopo linamveka mpaka kumlatho. Anthu anayang'anana. Kenako anavala mwakachetechete, aliyense akudziyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Agogo aja a mpunga anafunsa ngati angapite nayo kutchalitchi shatiyo mwambo ukatha. Ataima pamzere ndi mitolo yawo, anthu mazana anayi ankaoneka ngati kwaya yopita ku mpikisano.

A Chidyeretu atatsika m'galimoto, anagwira chitseko kuti asagwe.

"Ndani wawononga nsanza za Boma?"

"Ndine, bwana," anatero mayi Bilonda, atagwada mwaulemu. "Ndinamva kuti kukubwera mlendo wolemekezeka wochokera kutali. Ndinati tisamuchititse manyazi Tate wa Alendo."

Nduna inayang'ana wotchi. Inali 8 koloko ndi mphindi khumi. Inalamula kuti aliyense wa Boma amene ali ndi manja ayambe kung'amba. Amesenjala anathamangira pa anthu, apolisi anasiya mfuti pansi, komiti ya nsapato inasiya nsapato. Koma msoko wa mayi Bilonda sunali wa masewera. Mesenjala wina anakoka mkono wa shati mpaka mwini shati anagwa, shati ili bwinobwino. Wapolisi wina anayesa ndi mano, dzino n'kugwedera. Malezala anapezeka awiri okha, ndipo anthu anayamba kuwakanganira. A Chidyeretu anavula jekete, anagwira agogo aja kumsana, phazi limodzi atalitsamiritsa pa tayala la lole, akukoka uku akubuula. Nduna ya Zithunzi inkatapa fumbi ndi chipewa chake n'kumawaza ana kumaso, ana akuseka, iyo ikuwakalipira kuti alire.

Mphindi zinkapita, koma osati mwamsanga mmene mayi Bilonda ankafunira. Itatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti ikwane 9 koloko, a Chidyeretu anaona kuti malole sathandizanso. Analamula kuti amene ang'ambidwa kale awoloke wapansi mothamanga, n'kukatembenukira kutsidya.

"Inu mayi, tsogolani. Msanga."

Wapolisi anawagwira pa mkono. Kuchokera pa mkuyu kukafika pa mzere woyera panali mtunda woti mwana akhoza kuponya mwala kawiri. Mayi Bilonda anayamba kuyenda, ndipo ulemu unawagwira mwadzidzidzi. Analonjera dalaivala wa lole yoyamba, kumufunsa za kunyumba, za ana, za mwendo wa apongozi ake. Analonjera wa lole yachiwiri. Analonjera nduna zinayi za nsapato, iliyonse payokha, atagwada, ndipo m'dziko la Takulandirani munthu akakulonjera atagwada sungamudule, ngakhale nyumba ikupsa. Mtolo unagwa, anautola. Duku linamasuka, analimanga. Koma mlatho unafika basi. Mapazi awo anaponda simenti, wapolisi akukoka, gulu likukankha kumbuyo. Anauona mzerewo, utoto wake watsopano ukuwala. Anacheuka n'kuona Sifa m'gulumo atagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Kunena zoona, apa mayi Bilonda anachita mantha amene sanawamvepo chiwolokere mtsinje umenewu, ndipo miyendo inalemera yokha popanda kunamizira.

Panatsala mapazi asanu pamene masaireni anamveka.

Chimene mayi wa Abwenzi a Kutali anaona potsika m'galimoto ndi ichi: nduna ya Boma, thukuta lili kamukamu, ikung'amba shati ya nkhalamba, nduna ina ikuthira ana fumbi, apolisi akukankhira anthu osauka, mitolo ili pamutu, kunja kwa dziko. Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Kenako analankhula mawu ochepa m'chinenero chake, ndipo womasulira anawatembenuza.

"Akufunsa kuti, Tate wa Alendo, anthuwa mukuwathamangitsiranji?"

Mfumu inayang'ana a Chidyeretu. A Chidyeretu anali ndi kolala ya agogo m'manja, ndipo anayesa kuibisa kumbuyo. Nduna Yowomba M'manja inawomba kamodzi, inaona kuti yalakwitsa, n'kuika manja m'thumba. Tsono Mfumu, imene inali isanayendepo mtunda wotere chilandirire mendulo, inayenda yokha mpaka pa mlatho n'kuima patsogolo pa mayi amene anali kutsogolo kwa onse.

"Mayi, mukupita kuti?"

Mayi Bilonda anagwada pa simenti, bondo lili chikhatho chimodzi kuchokera pa mzere. "Tikupita kukafika, Mfumu."

Womasulira anayang'ana kumwamba, n'kuuza mlendoyo kuti mayiwa akulankhula chinenero chakale chovuta.

Chitamandeni Wachiwiri anali ndi zofooka zambiri, koma kamera ankaimva fungo. Anaona kuti yaloza kwa iye. Anatembenuka, anaima pa mzere penipeni, anatambasula manja onse awiri ngati munthu wotchinga mbuzi pa chipata, mendulo ikugwedera.

"Ndamva kuti ana angawa amafuna kuchoka," inatero Mfumu ndi mawu a pa wailesi, "poopa kuti akundilemetsa. Ndathamanga, osadya n'komwe, kudzawaletsa. Ine ndili moyo, palibe mlendo wanga amene adzapondenso mzere uwu. Bwererani kunyumba, ana anga. Kalaliki, lemba."

Kalaliki analemba. Kamera inajambula. Mayi wosaseka uja anatulutsa kansalu n'kupukuta m'maso, ndipo anafunsa ngati nduna yong'amba zovala ija ilangidwe. Inalangidwadi: sabata yomweyo a Chidyeretu anachotsedwa ku Unduna wa Chifundo n'kupatsidwa Unduna wa Migodi. Tsiku la Kufika linathetsedwa, m'malo mwake munalowa Tsiku Loletsa Kuchoka, loti chaka chilichonse alendo aziyerekeza kunyamuka, Mfumu iziwatchinga. Ku msika wa Tsitsaniko anthu anawerengera pa zala n'kupeza kuti pakatha zaka khumi msasa wonse udzakhala nzika. Bambo wa nyemba uja anati asade nkhawa, pofika chaka chachisanu ndi chinayi nduna zidzakhala zitadya mbuzi zina.

M'mawa mwake mayi Bilonda ndi Sifa anali pa khomo la ofesi ya unzika ku Bweranimawa isanatsegulidwe. Kalaliki wa mmenemo anali atagwira ntchitoyo zaka makumi awiri osalandirapo munthu, ndipo poyamba anaganiza kuti asochera pofuna chimbudzi. Atamva nkhani yawo anatulutsa mabuku a Tsiku la Kufika a zaka khumi zomaliza. M'buku lililonse la zaka zisanu ndi zinayi, pa dzina la Bilonda panalembedwa ndi dzanja la Boma lomwe kuti anatsala ndi nsapato, ndipo lachikhumi linali lopanda kanthu. Kalaliki anafuna kunena kuti abwere mawa, monga mwa mwambo wa mzindawo, koma wailesi ya pa tebulo pake inali ikubwereza mawu a Mfumu kachisanu ndi chiwiri, ndipo anaopa kukhala munthu woyamba kukhumudwitsa ana a Tate wa Alendo. Chidindo anachipeza chili m'pepala lake la kusitolo. Inki inali itauma, anaidonthezera tiyi. Ziphaso ziwiri zinatuluka, zonunkhira masamba a tiyi, koma zenizeni.

Sifa anapita nacho chake ku sukulu ya anamwino tsiku lomwelo, ndipo anamulemba. Anauzidwa kuti adzayambe Lolemba. Njira yonse yobwerera ankachitulutsa m'chikwama, kuchiwerenga, kuchibwezera, n'kuchitulutsanso. Mu minibasi anauza kondakitala, amene sanafunse, kuti iye ndi nzika. Kondakitala anati pepani.

Anafika pa chipata cha Dikirani dzuwa likadalipo. Mlonda wa pa chipata, a Chigwenembe, anali munthu amene mayi Bilonda anamusokera yunifolomu kasanu. Anaimirira, anavula chipewa, koma mtengo wotchinga sanaukweze.

"Ndamva nkhani yabwino, mayi. Zikomo kwambiri, mwatiimirira." Anakanda m'mutu. "Kungoti pepani. Nzika sizigona mumsasa. Sizilowanso popanda chilolezo cha odzacheza. Lachitatu, kuyambira 10 koloko mpaka 12 koloko."

Sifa anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. Ataona kuti mlondayo akuyang'ana pansi, anasiya.

"A Chigwenembe, ndife omwe aja. Tatuluka pompano m'mawa. Nyumba yathu ndi iyo ikuonekayo. Ine ndikupita kusukulu Lolemba, koma amayi akakhala kuti? Manda a bambo anga ali m'katimo."

"Ndikudziwa, mwanawe. Koma ndi Lamulo la Chifundo lomwelo, ndime yakhumi. Anthu amalekera pa yachisanu ndi chinayi." Anatembenukira kwa mayi Bilonda ndi chisoni chenicheni. "Mukanaiwerenga, mayi, mwina mukanaganiza kawiri."

"Ndinaiwerenga," anatero mayi Bilonda. "Zaka khumi zapitazo."

Sifa anawayang'ana. Tsopano anamvetsa chifukwa chimene mapoto anapitira kwa aneba sabata yatha, ndi chimene nkhuku zinagawidwira, iye n'kumaganiza kuti amayi ake akukonzekera kumangidwa. Nachanza anali atasesa kale kachipinda ka kuseri kwa nyumba yake.

"Amayi, bwanji simunandiuze?"

"Ukanandiuza kuti ndiwoloke."

Mtsikanayo analira pamenepo, poyera, chiphaso chili m'manja. Mayi ake anamulanda chiphasocho kuti chinganyowe, anachiika m'chikwama, n'kutseka zipi. Kenako anayandikira kawindo ka mlonda.

"Ndilembeni za Lachitatu."

A Chigwenembe anatsegula buku la odzacheza, ananyambita nsonga ya pensulo. "Pakufunika dzina la amene mukudzamuona, mayi."

Mayi Bilonda anatchula dzina la amuna awo.

Pensulo inaima. "Koma amenewo, mayi..."

"Ndikudziwa. Lembani."